Ntchito ndasinthasintha, masamba a mchezo andikwana: kodi ndiwafufute?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe:

"Ndinayamba ndi ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ku Blantyre. Kenako ndinakhala product manager (wogamula zomwe pulogalamu ikhale nazo ndi mmene izigwirira ntchito) pa kampani ina yotumiza ndalama pa foni, ndipo nditachoka kumeneko ndinalowa bungwe lina la zaumoyo kuno ku Lilongwe. Chaposachedwapa ndimagwirira ntchito kampani ya kunja ndili pakhomo, mpaka tsiku lomwe anatichepetsa. Kale Twitter ndi Facebook zinali m'magazi, moti ntchito ziwiri ndinazimvera komweko. Lero ndikangotsegula, mtima umalemera: uyu akulengeza kuti wakwezedwa, awa akutukwanana. Ndikufuna kufufuta zonse, koma ndikuopa kuti anthu andiiwala pomwe ndikusaka ntchito. Nanga kusinthasintha kwangaku, sikundionetsa ngati munthu wosakhazikika?"

Yankho:

Achemwali, pepani kwambiri ndi zomwe zakuonekeranizi. Yankho langa mwachidule ndi lakuti musafufute kalikonse panopa. Mapulogalamuwo achotseni pa foni lero lomwe ngati akukusowetsani mtendere, ndipo kulemba pa masambapo mutha kulekeratu, palibe adzakuimbeni mlandu. Koma maakauntiwo asiyeni akhale kufikira mutasaina kontirakiti yatsopano. Kukhala chete ndi nkhani ina, kusowa osapezeka ndi nkhani inanso. Chakutopetsani ndi phokoso komanso kudziyerekeza ndi anzanu, pomwe chomwe mukuopa kutaya ndi njira yoti wokufunani akupezereni. Ziwirizi zimalekanitsika, ndipo munthu wa ntchito yanu angazilekanitse bwino kuposa ambiri, poti mukudziwa mmene zinthuzi zimamangidwira kuseri.

Ndiyambe ndi funso lomwe mwaliika kumapeto, chifukwa ndikuona kuti ndi lomwe likukudyani kwambiri. Ndakhalapo mbali ya olemba ntchito, ndikuwerenga ma CV a anthu a ntchito ngati yanu, ndipo yanuyo sikanandidabwitsa. Kuno kwathu malo ofuna product manager ndi owerengeka: mabanki, Airtel ndi TNM, timakampani tingapo tongoyamba kumene, ndi mabungwe oyendera ndalama za madona. Kumabungweko ntchito imatha pulojekiti ikatha, kaya munagwira bwino chotani. Ndiye wosowa ndi munthu amene wakhala mu ntchitoyi zaka khumi osasuntha. Onjezerani kuti kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Aliyense amene anali ndi luso logulitsika kunja anayamba kusuzumira ntchito zolipira madola, ndipo anachita bwino kutero, pakuti lendi ndi fizi sizinadikire munthu.

Za kuchepetsedwazo musadziimbe nazo mlandu. Mu Novembala 2022 a Meta, eni ake a Facebook, anachotsa anthu 11,000, n'kudzalengeza ena 10,000 mu Malichi 2023. Mu Januwale 2023 Google inalengeza zochotsa 12,000, Microsoft 10,000, Amazon 18,000. Elon Musk atagula Twitter mu Okutobala 2022 pa madola 44 biliyoni, pasanathe sabata ziwiri pafupifupi theka la antchito anali atachotsedwa. Ofesi ya Twitter ya ku Accra, ku Ghana, yomwe inali yokhayo mu Africa muno, inali itangotsegulidwa kumene pamene pafupifupi onse ogwira ntchito mmenemo anauzidwa kuti basi. Anthu amenewa sanali aulesi. Makampani analemba anthu ochuluka nthawi ya Covid poganiza kuti dziko lonse lasamukiratu pa intaneti, kenako chiwongoladzanja ku America chinakwera, ndalama zomwe zinkathiridwa m'makampani ongoyamba zinauma, ndipo kuchotsako sikunayang'ane nkhope. Makampani ang'onoang'ono olemba anthu a ku Africa kuti azigwira ali kwawo anatsata njira yomweyo. Wolemba ntchito aliyense wotsatira zinthu akuidziwa nkhaniyi, moti pa intavyu mawu ochepa akukwanira: kampani inachepetsa antchito, gulu lathu linatsekedwa.

Chomwe chimadetsa nkhawa wolemba ntchito ndi munthu amene sangathe kufotokoza chomwe chimalumikiza ntchito zakezo. Inu chanu chilipo, mwina simunachione chifukwa muli m'kati mwake. Taganizani za mayi amene waima pa kanyumba ka ajenti mumsika wa Limbe, kafoni ka mabatani m'manja. Waikitsa ndalama, tsopano akufuna kutumiza ya fizi ku Mzimba. Wadina nyenyezi ndi manambala aja, wasankha kutumiza, ndiye akuti alembe nambala ya wolandirayo ayambe wayang'ana pa kapepala komwe anailemba. Pobwerera pa foni menyu yafa, ayambirenso. Kachiwiri zatheka, ndalama yachoka, koma uthenga wotsimikiza sunabwere, ndipo kumbuyo kwake anthu a pamzere ayamba kung'ung'udza. Inu munakhalapo pa tebulo lomwe limagamula kuti menyu imeneyo ikhale ndi masitepe angati, mawu ake akhale otani m'Chichewa, ndipo uthenga ukachedwa mayiyu auzidwe chiyani kuti asatumize kawiri. Mutapita ku zaumoyo vuto linali lomwelo, malo okha ndiwo ena: mlangizi wa zaumoyo ali kumudzi, tabuleti yatsala pang'ono kuzima, netiweki kulibe, ndipo fomu ya mwana wodwala iyenera kusungika mpaka akafike pomwe ikugwira. Ndiye inu ndinu munthu womanga zinthu zoti zigwire ntchito pomwe netiweki ndi yofooka, foni ndi yotchipa, ndalama ndi yochepa, ndipo kulakwitsa kumapweteka munthu weniweni. Odziwa zimenezi si ambiri, ndipo makampani a ku Nairobi, Lagos ndi Johannesburg amawafuna. CV yanu iime pa mfundo imeneyi. Pa ntchito iliyonse nenani chomwe munachipeza chisakuyenda, chomwe munagamula, ndi chomwe chinasintha. Mayina a maudindo asakhale ndiwo nkhani.

Tsopano za masambawo. Mukuti kale zinali m'magazi, lero mtima umalemera. Mwasintha ndinu, komanso masambawo asintha, ndipo zachitika nthawi imodzi. Muli wongoyamba kumene munkafuna kuphunzira ndi kuonedwa. Wokuphunzitsani ntchito ya product manager pafupi panalibe, ndiye Twitter ndiyo inali kalasi yanu. Munkatha kufunsa funso usiku, m'mawa n'kupeza wina wa ku Cape Town kapena Bangalore wayankha. Pa msinkhu umenewo munthu aliyense watsopano ndi phindu. Pomwe mwafikapa mafunso anu ndi ena: malipiro awa ndivomere kapena ndikane, bwana uyu ndingagwire naye ntchito, kodi ndingoyamba kampani yanga? Mafunso otere safunsidwa pagulu. Amafuna anthu atatu kapena anayi okudziwani bwino, pa foni kapena mukumwa tiyi.

Masambawo nawo si aja munawakonda. Poyamba Twitter inkakuonetsani zomwe alemba anthu amene munawasankha nokha, motsatana ndi nthawi. Mu 2016 inayamba kusankha yokha zoti muone poyamba, ndipo Instagram inachita chimodzimodzi chaka chomwecho. Kuyambira 2017, posankha zoti ikankhire patsogolo, Facebook inkawerengera tinkhope tosonyeza mmene munthu wamvera, kuphatikizapo kokwiya kaja, kuwirikiza kasanu kuposa like wamba. Mphamvu ya kokwiyako anadzaichepetsa pambuyo pake ataona zomwe kankadzetsa. Izi tinazidziwa kudzera m'zikalata zomwe Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa mu 2021. Mu 2023 Twitter, yomwe mu Julayi chaka chomwecho inasanduka X, inayamba kuika pamwamba mayankho a anthu olipira, ndi kugawirako ndalama za otsatsa malonda kwa olemba amene zolemba zawo zakoka anthu ambiri. Mkangano ukayamba kulipira, okangana amachuluka. Kutukwanana mukukuonako kuli ndi opindula nako.

Kwa inu izi si zachilendo. Munakhalapo mu msonkhano wa Lolemba m'mawa, tchati chili pa khoma, funso n'kukhala lakuti makasitomala amene atha masiku 30 osatumiza ndalama tiwabweza bwanji, wina n'kunena kuti tiwatumizire SMS tsiku la malipiro. Uthenga uliwonse wolira pa foni yanu uli ndi munthu ngati inu kuseri kwake, amene bonasi yake ikudalira kuti mutsegule. Sindikunena kuti anthuwo ndi oipa, ntchito ndi yomweyo timagwira tonse. Ndikungoti mukadzipeza mwatsegulanso musanaganize n'komwe, musamadzione ngati wofooka. Chinthucho chikugwira ntchito yomwe anachipangira.

Ena mwa omwe anamanga zinthuzi anafika pomwe mwafikapa. Haugen anali product manager ngati inu. Anadutsa ku Google, Yelp ndi Pinterest asanalowe Facebook mu 2019, ndipo mu Okutobala 2021 anakaima pamaso pa komiti ya nyumba ya Senate ku America kufotokoza zomwe anaona. Justin Rosenstein, mmodzi mwa amene anapanga batani la like, anadzanena poyera kuti akuda nkhawa ndi mmene zinthu zoterezi zimakokera maganizo a anthu, n'kudziikira malire pa foni yake. Aza Raskin, amene amatchulidwa kuti ndiye anayambitsa tsamba losatha lija loti ukamatsitsa limangobwerabe, anapepesa poyera. Brian Acton, amene anayambitsa WhatsApp pamodzi ndi Jan Koum n'kuigulitsa kwa Facebook mu 2014 pa madola pafupifupi 19 biliyoni, anachoka mu 2017. Mu Malichi 2018, nkhani ya Cambridge Analytica, kampani yomwe inatenga zinsinsi za anthu a pa Facebook popanda chilolezo chawo, itaphulika, analemba pa Twitter kuuza anthu kuti afufute Facebook, ndipo chaka chomwecho anaika madola 50 miliyoni ku Signal, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga. Nkhani zawo zimandilimbikitsa, koma ndikuchenjezeni: Acton ankalankhula ali ndi chuma choti sadzasakanso ntchito moyo wake wonse. Munthu wotero atha kufufuta chilichonse, omufuna adzamupezabe. Inu lendi ya mwezi wamawa ikukudikirani, choncho mumve zomwe anaona koma musatengere mmene anachokera.

Kafukufuku naye akulankhula mbali ziwiri. Mu 2018 akatswiri a za chuma a ku Stanford ndi New York University analipira anthu a ku America kuti atseke Facebook kwa sabata zinayi chisankho chisanachitike. Otsekawo anapeza pafupifupi ola lathunthu tsiku lililonse, anachezako kwambiri ndi abale ndi anzawo maso ndi maso, ndipo ananena kuti akumvako bwino mumtima, ngakhale kusinthako kunali kochepa. Anatsalirakonso pa nkhani za m'dziko, ndipo atabwerera ankalowa pa Facebook mocheperapo kusiyana ndi kale. Ndiye kupuma kumathandiza ndithu, koma musayembekeze kuti kuchotsa ululu wa kuchotsedwa ntchito. Mbali inayo ndi iyi. Kale mu 1973 Mark Granovetter anaonetsa kuti anthu ambiri amamva za ntchito kwa odziwana nawo patalipatali kusiyana ndi kwa anzawo apamtima, chifukwa apamtimawo amadziwa zomwe inunso mukudziwa kale. Mu 2022 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa pa LinkedIn wokhudza anthu oposa 20 miliyoni kwa zaka zisanu, ndipo anapeza zofanana: othandiza kwambiri kupeza ntchito ndi aja odziwana nanu pang'ono, kuposa apamtima komanso kuposa amene simudziwana nawo kwenikweni, makamaka m'ntchito za makompyuta ngati yanuyi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanu. Mwati ntchito ziwiri munazimvera pa masambawa. Takumbukirani bwino mmene zinakhalira. Ndikukhulupirira kuti sanakulembeni poona chiwerengero cha okutsatirani. Panali munthu, mwina amene munakumana naye kamodzi pa msonkhano ku Mangochi kapena munagwira naye pulojekiti ya miyezi ingapo, amene anamva za malo, n'kukumbukira inu, n'kukulemberani ku inbox. Tsambalo linangonyamula uthenga, koma wakupatsani ntchito ndi munthuyo. Anthu oterewa ndiwo chuma chomwe mwasonkhanitsa zaka zonsezi, ndipo panopa chili m'munda wobwereka. Mwini munda atha kuulanda tsiku lililonse mbewu zili momwemo: Vine, pulogalamu ya timavidiyo tatifupi, inatsekedwa mu 2017, Google+ mu 2019, ndipo amene anamanga dzina lawo pa Twitter anaona mmene malamulo anasinthira mwini atasintha. Choncho ntchito yanu ya sabata ino ndi kukolola. Khalani pa kompyuta, dutsani m'mauthenga akale a pa X, Messenger ndi LinkedIn, lembani mayina a anthu amene anakuonani mukugwira ntchito kapena amene munathandizana nawo zenizeni. Mudzaona kuti si ochuluka, akwana pa tsamba limodzi la kope. Pezani imelo kapena nambala ya aliyense, musunge pamalo panupanu.

Kenako alembereni mmodzimmodzi, awiri kapena atatu pa tsiku. Musatumize uthenga umodzi kwa onse, umadziwika. Musalembenso kuti "ndithandizeni ntchito iliyonse", chifukwa munthu sadziwa poyambira. Lembani motere: "Achimwene, papita nthawi chigwirireni limodzi pulojekiti ija ya ma ajenti. Kampani yomwe ndinali inachepetsa antchito mwezi watha. Ndikufuna malo a product manager pa zotumiza ndalama kapena zaumoyo, kuno kwathu kapena a kunja oti ndizigwira ndili konkuno. Mukamva kanthu mundikumbuke, ndipo ngati pali munthu amene mukuona kuti ndiyenera kulankhula naye, mundilumikize." Uthenga wotere umamupatsa munthu chochita chaching'ono chomwe angathe. Manyazi alipo, ndikudziwa, makamaka kwa munthu amene anzake ankati zake zinayera polandira madola. Koma ambiri mwa omwe mudzawalembere anadutsamo kapena akuopa kudutsamo, ndipo amayankha mwaulemu kuposa mmene mukuganizira.

LinkedIn isiyeni yotsegula, ndipo muikonze bwino, chifukwa ndi komwe olemba ntchito a kunja amasaka. Microsoft inaigula mu 2016 pa madola 26.2 biliyoni, ndipo gawo lalikulu la ndalama zake limachokera kwa makampani olipira kuti azisaka anthu mmenemo. Iwowa amasaka polemba mawu: product manager, mobile money, USSD (menyu ija yodina nyenyezi ndi manambala), digital health. Sawerenga kuti mwalemba kangati mwezi uno. Choncho mawu oyenerawo akhale pamutu ndi m'mafotokozedwe a ntchito zanu. Pamutupo, m'malo mwa dzina la kampani, lembani vuto lomwe mumathetsa, kuti kampani ikatha dzina lanu lisathere limodzi. Pali posonyeza kuti mukufuna ntchito pomwe mungasankhe kuti aziona olemba ntchito okha, popanda kamzere kobiriwira kaja pa chithunzi chanu. Lowani pa kompyuta kawiri pa sabata, pitani ku mauthenga ndi ku malo a ntchito, tulukani. Tsamba loyamba lija la zolengeza lidumpheni. Palibe amalengeza kuti amukana kachisanu, kapena kuti udindo watsopanowo malipiro ake ndi ochepa kusiyana ndi akale. Zomwe zikukulemetsani mtimazo ndi zomwe eni ake asankha kuti muone.

Pa Facebook ndiye ndikutsutsani pang'ono. Product manager wopangira zinthu Amalawi sangatseke makutu ku Facebook ndi WhatsApp, chifukwa makasitomala ake ali komweko. Makina a banki akagwa kumapeto kwa mwezi, pitani mukawerenge ndemanga pansi pa chilengezo chopepesa. Mudzapeza mawu enieni omwe anthu amatchulira vutolo, nthawi yomwe linayamba, ndi chomwe chawapweteka kwenikweni, zinthu zomwe lipoti la ku ofesi limafika nazo patatha sabata. Onaninso mmene mayi wogulitsa zitenje kapena kaunjika amachitira malonda pa status ya WhatsApp: chithunzi cha katundu, mtengo ku inbox, malipiro pa Airtel Money kapena Mpamba, wogula atumiza chithunzi cha uthenga wotsimikiza, katundu akwera kabaza kapena basi ya ku Mzuzu. Ameneyo wamanga sitolo yathunthu popanda webusayiti, ndipo wofuna kumupangira chinthu ayenera kumuonerera. Chosintha n'chakuti muzipitako monga mmene munkapitira kukaona ma ajenti: muli ndi funso, muli ndi kope, ndipo nthawi yobwerera mukuidziwa. Kumbukiraninso kuti masamba a makampani pa Facebook amayendetsedwa kudzera pa maakaunti a anthu. Mukafufuta yanu lero, pa ntchito yatsopano mutha kudzafunika kutsegula ina.

X ndi yomwe mungaisiye osataya zambiri, bola anthu anu mwayamba mwawatulutsamo. Pemphani kaye kuti akutumizireni zonse zomwe munalembapo, amapereka m'fayilo imodzi. Dziwani kuti mukaitseka n'kudutsa masiku 30 osalowamo, akauntiyo imafufutika ndipo dzina lanu wina atha kulitenga. Kuno kwathu komwe akuba amavala dzina la munthu n'kumalembera anzake kuti "nditumizireko kangachepe pa nambala iyi, ndapanikizika", zimenezo si zazing'ono. Ndi bwino kuikhoma kuti aziona okutsatirani okha, kusiyapo mawu onena komwe mumapezeka, n'kuchoka. Magulu a WhatsApp ndiye musawapeputse, poti malo ambiri a ntchito kuno amayenda mmenemo asanafike mu nyuzipepala. Sankhani awiri kapena atatu a anthu a ntchito yanu, enawo atontholetseni, ndipo omwe angotsala a mikangano ya ndale tulukanimo. Kuyambira 2022 munthu akatuluka pagulu ma admin okha ndiwo amadziwitsidwa.

Ngati chilakolako cholemba chikadalipo, ndipo ndikukhulupirira chilipo, chipatseni ntchito yolemera. M'malo mwa timawu ta tsiku ndi tsiku, lembani nkhani imodzi yaitali pa miyezi itatu iliyonse: mmene mumayesera menyu ya USSD ndi anthu osawerenga bwino, chifukwa chomwe float imathera ma ajenti masiku a malipiro, zomwe munaphunzira pomanga fomu yogwira popanda netiweki. Zoterezi n'zosowa pa intaneti, poti zambiri zolembedwa za ntchito yathu zimaganizira munthu wa iPhone ku San Francisco. Nkhani imodzi yotere mutha kuitumiza limodzi ndi CV, ndipo wokufunsani mafunso amafika ataona kale mmene mumaganizira. Mungosamala kuti musatulutse manambala a kampani kapena zokhudza makasitomala. Munasainira kusunga chinsinsi, komanso Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024. Kukalankhula pa msonkhano wa ICTAM, bungwe la anthu a makompyuta ku Malawi, kukacheza ndi achinyamata ku mHub, malo awo a zamakompyuta ku Lilongwe, kapena kukaima ola limodzi pamaso pa ophunzira a ku MUBAS kapena MUST kumakupatsani odziwana nawo a mtundu wothandiza uja, ndipo amakhala atakuonani nkhope.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse: za kampani yomwe yakuchotsaniyo musalembe kanthu muli ndi mkwiyo, ngakhale pa status, ngakhale m'gulu lomwe mukuliyesa la anzanu okhaokha. Akulu anati ukamachoka pamalo siya phazi, usasiye mlomo. Anthu a makompyuta ku Malawi ndife ochepa, aliyense anaphunzira ndi uje kapena anagwira ntchito ndi uje, ndipo wina akajambula zomwe mwalemba zimakafika komwe inu simunafikeko. Palinso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe anthu amangidwapo nalo chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp. Ngati sanakulipireni zanu zonse, werengani kontirakiti muone kuti ikuyendera malamulo a dziko liti, mufunse loya, ndipo nkhaniyo iyende m'makalata.

Pali china chomwe simunachitchule koma ndachimva m'kalata yanu. Ntchito yogwira uli pakhomo ikatha, imatha mwankhanza. Imelo imabwera, pasanapite nthawi Slack, pulogalamu yolankhulirana ya kuntchito, yatsekedwa, anthu amene mumacheza nawo tsiku lililonse asowa onse pakamodzi, osatsanzikana, popanda ngakhale wokuperekezani pa geti. M'mawa mwake nyumba ili zii, ena onse apita kuntchito ndi kusukulu, ndipo dzanja limapita lokha pa foni kukasaka anthu. Mukachotsa mapulogalamuwo osaika kanthu m'malo mwake, mudzawabwezera posachedwa. Konzani zoti tsiku lililonse muzionana ndi munthu. Makalata ofunsira ntchitowo kalembereni pamalo pomwe pali ena, yenderani mnzanu wa ku bungwe lija nthawi ya nkhomaliro, bwererani ku kwaya kapena ku gulu la amayi ngati munalekeza. Ndipo ngati tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, ndipo zapitirira sabata zingapo, kaonaneni ndi dokotala kapena phungu, chonde. Zimenezo sizikonzedwa ndi kusintha za pa foni.

Uphungu wangawu ungasinthe pa chifukwa chimodzi. Ngati mukuganiza zoyamba kampani yanu, kapena kulowa ntchito yokopa makasitomala ndi kutsatsa malonda, ndiye kuoneka pagulu ndi gawo la ntchitoyo, ndipo mudzafunika kusankha tsamba limodzi n'kumaligwira monga ntchito, ndi nthawi yake yolowera ndi yowerukira. Koma ngati mukufuna kupitiriza monga product manager, sindinaonepo munthu akukanidwa pa intavyu chifukwa chokhala chete pa X. Amafunsa zomwe munamanga, zomwe munakana kumanga, ndi mmene munachitira injiniya ndi bwana atasemphana maganizo.

Mukadzapeza ntchito, dikirani miyezi itatu, kenako mudzifunse kuti ndi tsamba liti lomwe mwalisowa, ndi liti lomwe mwaiwala kuti liliko. Loiwalikalo lifufuteni nthawi imeneyo, mutasamutsa kaye mawebusayiti onse omwe munkalowamo kudzera pa akauntiyo. Pakadali pano, maakaunti omwe mukuwasiya ali chigonere muwaikire chitetezo chachiwiri, choti polowa azifunsa khodi kuwonjezera pa pasiwedi, ndipo onetsetsani kuti imelo ndi nambala ya foni zomwe zili mmenemo ndi zomwe mukugwiritsa ntchito lero. Anthu ambiri anatsegula Facebook ndi SIM khadi yomwe anaitaya kalekale, ndipo nambala ikakhalitsa osagwira ntchito kampani ya foni imaipereka kwa munthu wina. Munthu ameneyo ndi amene angalandire khodi yosinthira pasiwedi yanu.